Injini Yopanda Dzina: Tingaizindikire Bwanji Galimoto Yake Itatha Kale?

M'tauni ya Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni, si zachilendo kupeza injini itakhazikidwa pa tayala lakutha kuseri kwa galaja, galimoto yake kulibe. Ina mwini wake anaigula pa okushoni, ina inatsika pa ngolo yochokera ku Joni, ina ndi chuma cha masiye chimene ana anachipeza m'chigafa cha fodya. Tsiku limene munthu waganiza zoidzutsa, funso limakhala limodzi: kodi imeneyi ndi injini yanji?

Funsoli limakhudza thumba. Maring'i, mabering'i ndi gasiketi ya injini yakale sizipezeka m'sitolo iliyonse. Zambiri zimaitanitsidwa ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo katundu amene wadutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa mlatho wa ku Tete sabwerera kwa wogulitsa chifukwa choti sanakwane. Munthu akaphonya dzina la injini amataya ndalama ya masipeya, ya wonyamula katundu, ndiponso miyezi imene galimoto ikanakhala ikututa mbatata ndi tomato pa Jenda.

Ambiri amayembekezera kuti pali chizindikiro chimodzi chothetsa nkhani: dzina la pa chivundikiro cha pamwamba, utoto, kapena mawu a wogulitsa. Mwa zonsezi palibe chimene chingaime pachokha. Kuzindikira injini kuli ngati mlandu wa pabwalo la mfumu: mboni imodzi simangitsa munthu, ndipo si mboni zonse zimene mawu ake amalemera chimodzimodzi. Pano mboni zilipo zisanu: kaumbidwe ka injini, mabawuti ake, manambala a pa buloko, zipangizo zomangirirapo, ndi muyeso wa m'kati. Zikagwirizana, dzina lapezeka. Zikatsutsana, kutsutsanako kumaulula zimene injiniyo yadutsamo.

Kumene injinizi zinachokera

Musanagwire sipanala, dziwani kaye mitundu imene ingathe kupezeka kuno. Mukatero, mayina ambiri amene akanakusokonezani amadzichotsa okha.

Gulu loyamba ndi la ku Britain. Kuyambira nthawi ya atsamunda mpaka m'nthawi ya Kamuzu Banda, maofesi a boma ndi mamishoni ankayendera Land Rover, katundu ankakwera malole a Bedford, ndipo m'minda ikuluikulu munkalima mathirakitala a Massey Ferguson okhala ndi injini za Perkins. Mishoni ya Loudon ku Embangweni, imene Donald Fraser anaitsegula mu 1902, inazunguliridwa ndi misewu yafumbi imene dzinja likafika inkafuna galimoto yokoka mawilo onse anayi. Kudzala paini wochuluka pa Viphya kuyambira mu 1964, nkhalango imene inafika mahekitala pafupifupi 53,000 kuphatikizapo Luwawa ndi Chikangawa, kunabweretsanso malole ndi mathirakitala ena. Magalimoto a boma akakalamba ankagulitsidwa, ndipo ambiri anathera m'manja mwa anthu wamba.

Gulu lachiwiri, lomwe ndi lalikulu ku Mzimba kuno, ndi la ku South Africa. Amuna a boma lino akhala akupita ku Joni kwa zaka zoposa 100. Ulendo wa kumigodi wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Bungwe la Theba linayambiranso kutenga anthu mu 1977 n'kulekeza mu 1988, koma anthu sanasiye kupita paokha, ndipo ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994 njira inatseguka kotheratu. Obwerako pamodzi ndi onyamula katundu anadza ndi mapikapu: Toyota Hilux ya ku Durban, Nissan 1400 ya ku Rosslyn imene inapangidwa mpaka mu 2008, Isuzu KB, ndi Ford Cortina yokhala ndi ngolo kumbuyo.

Palinso Peugeot 404 ndi 504, zimene kale zinkayenda matola m'misewu ya kumidzi, kuno ndi kutsidya ku Lundazi. Pambuyo pake panabwera magalimoto ogwirapo kale ntchito ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, pamodzi ndi injini zobwera zokhazokha. Zomalizira ndi za ku China.

Chofunika kusunga m'mutu n'chakuti injini imakhalitsa kuposa bodi. Land Rover yakale ikhoza kukhala ndi dizilo ya Nissan kapena ya Toyota. Hilux imene inatuluka m'fakitale ili ya petulo lero ikhoza kukhala ya dizilo. Injini ya pikapu ikhoza kupezeka ikuzunguza macheka kapena chigayo. Choncho wogulitsa akati "inachoka mu Land Rover", wangokuuzani kumene injiniyo inagona komaliza, osati kumene inapangidwira.

Zimene maso amaona

Yambani ndi funso losavuta: ndi ya petulo kapena ya dizilo? Ya petulo yakale ili ndi mapulagi, kabuleta ndi distributor, kachipangizo kogawira moto kumapulagi. Ya dizilo ili ndi pampu yaikulu ndi timapaipi tachitsulo topita ku manozo. Ngakhale zonsezi zitazulidwa, mabowo ake amatsala. Werengani mabowo a mapulagi kapena a manozo, mudziwa kuchuluka kwa masilinda.

Kakhalidwe ka masilindawo kamanena zambiri. Dizilo ya masilinda atatu kuno kawirikawiri imakhala Perkins ya thirakitala ya Massey Ferguson 35 kapena 135. Masilinda anayi ogona, awiri uku awiri uko, opanda njira za madzi koma okhala ndi timizere tozizirira ndi mphepo, ndi a Volkswagen Beetle kapena Kombi. Anayi a mzere umodzi koma opendekeka kwambiri, pafupifupi madigiri 45, mapulagi ake olowera m'mabowo akuya pakati pa chivundikiro, ndi a Peugeot 404 kapena 504 ya petulo. Injini yaing'ono yopendekeka pang'ono ikhoza kukhala ya banja la K la Toyota, la ma Corolla akale. Masilinda 6 a mzere umodzi amalozera ku Land Cruiser, Bedford kapena lole ina.

Kenako yang'anani kutsogolo. Kamushafuti ikakhala m'mwamba, mu hedi, chivundikiro cha kutsogolo chimakwera mpaka pamwamba, ndipo m'kati mwake mumayenda lamba kapena tcheni chachitali. Ikakhala m'munsi, mu buloko, chivundikirocho chimathera pansi pa hedi, ndipo mavavu amatsegulidwa ndi tindodo tachitsulo timene amakaniko amati mapushirodi. Kusiyana kumeneku kumapatula mabanja athunthu. Dizilo za Toyota za banja la L, zodzaza m'ma Hilux ndi m'ma Hiace, zili ndi lamba. Za banja la B, za mu Land Cruiser ndi Dyna, zili ndi magiya, monganso TD27 ya Nissan. Pa Land Cruiser ya masilinda 6, 2H ili ndi mapushirodi, pomwe 1HZ, imene inayamba mu 1990, ili ndi kamushafuti pamwamba ndi lamba.

Onaninso kumene mpweya umalowera ndi kumene utsi umatulukira. Land Rover ya malita 2.25, Nissan A14 ndi Toyota 4Y zili ndi mamanifodi onse awiri mbali imodzi. Ford Kent ya 1600 ya mu Cortina ndi Toyota 22R zimalowetsa mbali ina n'kutulutsa mbali inayo. Pa Ford za V6 napo pali chizindikiro chooneka munthu ali chiimire. Essex ya malita atatu, imene fakitale ya Struandale ku Port Elizabeth inapitiriza kupanga mpaka mu 2000 a ku Britain ataisiya kale, ili ndi distributor kutsogolo. Cologne ya ku Germany ili nayo kumbuyo, pafupi ndi giyabokosi. Zonse ndi Ford, zonse ndi V6, koma masipeya ake salowana.

Sipanala imanena dziko

Mboni yachiwiri siivuta kufunsa. Tengani masipanala muyese mabawuti amene akuoneka kuti sanasinthidwepo, monga a sampu kapena a chivundikiro cha kutsogolo. Ngati 10, 12, 14 ndi 17 ndiwo akugwira ntchito yonse, injiniyo ndi ya ku Japan kapena yotengera ya ku Japan. Ngati 13 akuchuluka pamene mukanayembekezera 12, ganizirani za ku Germany kapena ku France. Ngati masipanala a mamilimita akugwedera kapena kukana, pomwe a mainchi monga 7/16, 1/2 ndi 9/16 akugwira bwinobwino, ndi ya ku Britain ya zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, kapena ya ku America. Onsewa akakana, mwakumana ndi mabawuti a Whitworth, opezeka pa injini za ku Britain zakale kwambiri, monga za Land Rover zoyambirira zimene zinayamba mu 1948 ndi ma Lister akale a m'zigayo.

Bawuti limodzi lachilendo lisakunamizeni, chifukwa makaniko wina anangolowetsa limene anali nalo m'bokosi. Yesani ambiri, muone amene akuchuluka.

Manambala a mitundu iwiri

Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Pa buloko pamakhala manambala awiri osafanana ntchito. Ena ndi otukuka, amene anaumbidwira pamodzi ndi chitsulocho chili chosungunuka. Imeneyo ndi nambala ya chikombole, ndipo mabuloko zikwizikwi ali ndi yomweyo. Imathandiza kudziwa banja: 711M pa buloko ya Ford imasonyeza Kent ya kuyambira mu 1970. Koma si nambala ya injini. Ena ndi okhomedwa, olowa m'kati mwa chitsulo, pa kamalo kosalala kamene kanapalidwa dala. Imeneyi ndiyo nambala ya injini, imene imalembedwa mu bulubuku, ndipo injini iliyonse ili ndi yakeyake.

Kamalo kosalalako kamakonda kukhala m'mbali mwa buloko pafupi ndi pamene hedi imakhalira, pafupi ndi pampu, distributor kapena fyuluta ya oyilo, kapenanso kumbuyo pamene buloko imakumana ndi giyabokosi. Pa Land Rover ya 2.25 kali kutsogolo chakumanzere. Pa Beetle kali pansi pa mwendo wonyamula jenereta. Ma Austin ndi ma Morris nambala yawo inali pa kalata kakang'ono kokhomera ndi mariveti, ndipo kameneka kamathothoka, moti injini zotere zikhoza kusowa nambala popanda wina kuifufuta.

Poifukula nambalayo, tsukani ndi palafini ndi burashi ya waya. Girayinda ndi sandipepa yokakala zisayandikire. Manambala akale ndi osaya, ndipo kamphindi kochepa n'kokwanira kuwafafaniza, n'kukusiyani ndi injini yooneka ngati yakuba. Pakani choko n'kupukuta pamwamba kuti choyera chitsale m'mizere. Walitsani tochi cham'mbali, osati molunjika, kuti mthunzi uonetse zilembo. Ngati malowo ndi obisika, ikani pepala n'kukwecha ndi pensulo, kapena lowetsani foni mujambule. Chenjerani ndi 8 ndi B, 5 ndi S, 0 ndi D, chifukwa dzimbiri limazifananitsa.

Nambala ikaoneka, pamatsala kuimasulira, ndipo kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Kwa Toyota, chilembo ndi banja, nambala ya patsogolo pake ndi m'badwo wa m'banjamo. 2L, 3L ndi 5L ndi dizilo za banja limodzi, za ma cc 2,446, 2,779 ndi 2,986. Apa pali msampha umene wagwira ambiri: 3L si ya malita atatu, ndi ya 2.8, ndipo ya malita atatu ndi 5L. 3Y ndi 4Y ndi za petulo, 12R, 18R ndi 22R ndi za petulo za ma Hilux akale, pomwe 2F ndi 3F ndi za petulo za masilinda 6. Zilembo zobwera pambuyo pa kamzere zimaonjezera nkhani: T ndi tebo, E ndi injini imene kathiridwe ka mafuta kamalamulidwa ndi magetsi.

Nissan ndi Datsun kalembedwe kawo n'kosavuta. Zilembo ndi banja, manambala ndi kukula: A12 ndi ya malita 1.2, A14 ndi ya 1.4, L18 ndi ya 1.8, SD23 ndi dizilo ya 2.3, TD27 ndi dizilo ya 2.7. Kwa Isuzu, C223 ndi dizilo yakale ya 2.2, ndipo pa 4JA1 ndi 4JB1 nambala yoyambayo ndi masilinda. Yoyamba ndi ya 2.5, yachiwiri ya 2.8. Perkins amatchula masilinda, kenako kukula m'muyeso wa mainchi: 3.152, 4.236, 6.354. Motero 4.236 ndi ya masilinda anayi, pafupifupi malita 3.9. Pa injini zawo za pambuyo pake nambala imayamba ndi zilembo ziwiri, ndipo LD ndi 4.236, pomwe U ya pakati pa nambalayo imasonyeza kuti inapangidwira ku Britain. Land Rover za m'ma 1980 zimayamba ndi zizindikiro monga 12J, dizilo ya 2.5 yopanda tebo. 19J ndi yomweyo yokhala ndi tebo. 17H ndi petulo ya 2.5. A ku China amatchula masilinda ndi kukula kwa bowo la silinda m'mamilimita: S195 ya pa chigayo ndi silinda imodzi ya mamilimita 95, ZS1115 ndi imodzi ya 115.

Zipangizo zomangirirapo

Kabuleta, pampu, sitata ndi olutaneta zili ndi mayina awoawo, ndipo zimawerengeka mosavuta kuposa buloko. Vuto lake n'lakuti zimamasulidwa ndi mabawuti awiri kapena anayi basi. Mawu ake ndi opepuka, komabe ndi oyenera kuwamva.

SU, Zenith, Lucas ndi CAV amalozera ku Britain. Aisan ndi Nippondenso amayenda ndi Toyota. Hitachi amapezeka kwambiri pa Nissan, ndipo Diesel Kiki pa dizilo za Nissan ndi Isuzu. Phindu lalikulu la zipangizozi ndi kuthandiza kudziwa zaka. Diesel Kiki inasintha dzina kukhala Zexel mu 1990, Nippondenso inakhala Denso mu 1996, ndipo chilichonse cholembedwa W. Germany chinapangidwa mayiko awiri a Germany asanagwirizane mu 1990. Dzina la Datsun linayamba kuchoka kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Land Rover ya petulo ya 2.25 inali ndi kabuleta ya Solex mpaka cha mu 1967, kenako ya Zenith. Zipangizo za Lucas zimakhala ndi manambala osonyeza nthawi imene zinapangidwa, omalizira ake akutchula chaka. Chipangizo chimodzi chimangonena zaka zake chokha. Koma sitata, distributor ndi jenereta zikanena chaka chimodzi, n'kutheka kuti zonse zinatulukira limodzi m'fakitale, ndipo injini nayo ndi ya nthawi yomweyo.

Pa Land Rover, malo a pampu nawo amapatula mibadwo. Pa dizilo ya 2.25 pampu ya CAV imaima chilili m'mbali mwa buloko, pamalo pomwe ya petulo imakhala ndi distributor. Pa 12J pampu inagona n'kusunthira kutsogolo, kumene imazunguzidwa ndi lamba.

Nthawi zina pa manifodi kapena pa hedi pamaumbidwa ndondomeko ya kaphulikidwe ka masilinda. Injini zambiri za masilinda anayi ndi 1-3-4-2, koma Ford Kent ndi 1-2-4-3, ndipo Beetle ndi 1-4-3-2. Za masilinda 6 a mzere umodzi zambiri ndi 1-5-3-6-2-4. Utoto wokha ndiye musaudalire. Injini ya zaka 40 yapentedwa ndi utoto umene unatsala pa windo la nyumba.

Muyeso wa m'kati

Nambala ikhoza kufufutika, chivundikiro chikhoza kusinthidwa, koma bowo la silinda ndi mtunda umene pisitoni imayenda sizibisika. Hedi ikachoka, yezani kukula kwa bowolo ndi veniya. Kenako zunguzani kiranki mpaka pisitoni ifike pansi penipeni, muyeze. Muikweze pamwamba penipeni, muyezenso. Kusiyana kwake ndiwo mtundawo.

Muyeso umenewu umalekanitsa injini zimene kunja zimaoneka chimodzimodzi. Bowo la 3Y ndi la mamilimita 86, la 4Y ndi la 91. La 2L ndi la 92, la 3L ndi la 96, la 5L ndi la 99.5. La A12 ndi la 73, la A14 ndi la 76. Nthawi zina bowo limafanana koma mtunda ndi umene umasiyana: 4JA1 ndi 4JB1 zonse ndi za mamilimita 93, koma pisitoni ya yoyambayo imayenda 92, ya yachiwiri 102. Chimodzimodzinso Land Rover ya 2.25 ndi ya 2.5: bowo ndi 90.47 konsekonse, mtunda ndi 88.9 pa ina, 97 pa inayo.

Wofuna kudziwa ma cc asinthe miyesoyo ikhale m'masentimita, achulukitse kukula kwa bowo ndi nambala yomweyo, kenako ndi 0.7854, kenako ndi mtunda, potsiriza ndi kuchuluka kwa masilinda. Pa Land Rover ya 9.047 ndi 8.89 yankho ndi 2,286, lomwe ndi kukula kwake kwenikweni.

Mukadali pomwepo, palani mwaye wa pamwamba pa pisitoni. STD imatanthauza kuti bowo silinakulitsidwepo. 0.50 kapena 1.00 pa injini za mamilimita, ndi .020, .030 kapena .040 pa za mainchi, zimasonyeza kuti buloko inapitapo ku makina. Kuseri kwa mabering'i nakonso kumalembedwa, monga 0.25 kapena .010, ngati kiranki inapalidwapo. Munthu akhoza kupeza dzina lolondola la injini koma n'kulandira maring'i osakwana chifukwa choiwala izi.

Misampha yodziwika

Msampha woyamba ndi wa injini zopangidwira kwina ndi chilolezo. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, South Africa inatsegula fakitale ya Atlantis Diesel Engines pafupi ndi Cape Town, imene inkapanga injini za Perkins ndi za Mercedes-Benz, ndipo malole ndi mathirakitala ambiri a m'dzikomo, ngakhale a makampani a ku Japan, ankaikidwa injini zimenezi. ADE 236 ndi Perkins 4.236, ADE 352 ndi Mercedes-Benz OM352. Land Rover Series III zina zopangidwira ku South Africa zinatuluka ndi ADE 236. Choncho lole yochokera ku Joni ikhoza kukhala ndi dzina la ku Japan kumaso, injini yake ili ya pulani ya ku Germany, palibe amene anasinthapo kanthu.

Wachiwiri ndi wa zotengera. 491Q ya ku China, ya m'maminibasi ndi mapikapu ena, inatengera Toyota 4Y, ndipo dzina lake lomwe likunena masilinda anayi a mamilimita 91. Za banja la 493 zinatengera Isuzu 4JB1. Masipeya ambiri amalowana, koma si onse, ndiponso mtengo wa injini ziwirizi suyenera kufanana. Wogulitsa 491Q pa dzina la 4Y amadalira wogula amene sapukuta buloko.

Wachitatu ndi wa dzina limodzi, matupi awiri. Toyota 2L inasinthidwa cha mu 1988: yakale kamushafuti yake imatsegula mavavu kudzera m'maroka, yatsopano imawakankha mwachindunji, ndipo mahedi ake ndi osiyana. Land Rover ya 2.25 inali ndi mabering'i atatu onyamula kiranki mpaka mu 1980, kenako asanu. Ya asanu ili ndi nthiti zolimbitsa kunja kwa buloko, koma njira yosakayikitsa ndi kuchotsa sampu n'kuwerenga. Pa ya petulo, hedi ina ili ndi 8 yokhomedwa pa kamalo ka ngodya zinayi pamwamba, kusonyeza kuti imapanikiza mpweya kwambiri kuposa yakale.

Wachinayi ndi injini yosonkhanitsidwa: buloko ya uku, hedi ya uko, pampu ya kwina. M'magalaja a kutali ndi masitolo a masipeya zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo ndi luso, si chinyengo. Injini yotere ilibe dzina limodzi. Buloko, hedi ndi pampu chilichonse chizindikiridwe pachokha, ndipo gasiketi isankhidwe moyang'ana buloko ndi hedi zonse ziwiri.

Chasisi ndi mapepala

Ngati chasisi ilipo, nayo ili ndi mawu. Pa Toyota chilembo choyamba cha mtundu wa chasisi chimanena banja la injini imene galimotoyo inatuluka nayo m'fakitale. Hilux ya LN inali ndi dizilo ya L, ya YN inali ndi petulo ya Y, ya RN inali ndi R. Land Cruiser ya FJ inali ya petulo, BJ ndi HJ zinali za dizilo. Mukapeza 2L pa chasisi ya YN, wina anasintha. Pa manambala a chasisi a zilembo 17, amene anafala kuyambira mu 1981, zilembo zoyamba zimanena dziko ndi kampani: J ndi Japan, AHT ndi Toyota ya ku South Africa, ADN ndi Nissan ya komweko, SAL ndi Land Rover ya ku Britain.

Nambala ya injini ili ndi mbali ya malamulo. Imalembedwa mu bulubuku, ndipo wosintha injini ayenera kukadziwitsa a Road Traffic, amene ali ndi ofesi ku Mzuzu, kuti mapepala agwirizane ndi galimoto. Galimoto yochokera ku South Africa imafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, pamodzi ndi mapepala a msonkho a MRA. Kamalo ka nambala kakaoneka konyezimira, kokumbika, kapena zilembo zake zikakhala zokhota ndi zosiyana msinkhu, bwezani ndalama m'thumba. Chitsulo cha pansi pa nambala yokhomedwa chimakhala chopsinjika, moti akatswiri a polisi amatha kuukitsa nambala yofufutidwa ndi mankhwala. Wogula injini yotere ndiye amapezeka nayo. Pogula injini iliyonse, lembani kalata yokhala ndi nambala yake, dzina la wogulitsa ndi anthu ochitira umboni.

Dzina likapezeka

Musanatumize ndalama kwa m'bale ku Joni, tumizani kaye zithunzi pa WhatsApp: nambala yokhomedwa, nambala youmbidwa ya pa buloko ndi ya pa hedi, kalata ka pa pampu, pamwamba pa pisitoni, ndi gasiketi yakale itayalidwa pansi pafupi ndi tepi yoyezera. Onjezerani miyeso imene mwapeza. Wogulitsa masipeya wodziwa ntchito akaona zimenezi safunsanso kawiri. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani imeneyi ofunika kuwafunsa koyamba ndi amakaniko achikulire a konkuno, amene anagwirapo ma Bedford ndi ma Peugeot akadali pamsewu.

Dzina limayankhanso funso lina limene ambiri amalizemba: kodi injiniyi n'koyenera kuidzutsa? 4Y, banja la L, A14, 4JB1, Perkins 4.236 ndi Land Rover ya 2.25 masipeya ake akupangidwabe ndipo amapezeka ku South Africa, choncho buloko ikakhala yosang'ambika ndalama yoikapo imabwerera. Bedford ya petulo kapena Peugeot yakale ya dizilo imafuna munthu woikonda, wokonzeka kudikira ndi kulipira mokwera. Kwa amene akufuna galimoto yokwera mapiri a ku Khosolo dzinja lino, nzeru ikhoza kukhala kugulitsa injini yosowayo kwa woisamala n'kugula ina yofala. Chisankho chimenechi ndi cha mwini ndalama, ndipo nthawi yake yochipanga ndi hedi itachoka, miyeso italembedwa, ndalama isananyamuke.